Ndege ya Ababa ndi Kandodo Kabuluu

Lolemba, 23 Juni 1997

6:40 m'mawa. Kukuzizira. Phiri labisala m'nkhungu. Ndasesa maofesi 6, ndapukuta mawindo 14. Kiyi wa ofesi ya a Nyirenda ali m'thumba la malaya, ndamumangirira ndi kachingwe kuti asagwe.

A Nyirenda, aphunzitsi a sayansi pakoleji pano, apita ku Blantyre kukachonga mayeso. Masabata awiri. Andisiyira kiyi kuti ndizipukuta kompyuta yawo, ndipo andilola kuyendetsa ndege nthawi ya nkhomaliro. Ine mesenjala! Ndegeyo ili m'kompyuta momwemo. Pagalasi pamaoneka zomwe woyendetsa amaona: mphuno ya ndege, mawotchi ambirimbiri, msewu wonyamukira, ndipo pothera msewuwo pali nyanja yaikulu ya dziko lina. Timasipika tiwiri timalira ngati injini yeniyeni.

Lolemba likudzali, pa 30, kompyuta ikusamukira ku ofesi ya malipiro, kuseri kwa zitsulo, ndipo zamasewera zonse adzazifufuta. Kalata yake ndinanyamula ndine, ndiye ndikudziwa. Ndili ndi sabata imodzi.

Zomwe ndalonjeza ababa dzulo, akazi anga, amake Esinati, akumva:
1. Loweruka ndiwakhazika kutsogolo.
2. Ndiwanyamutsa.
3. Ndiwazungulitsa kumwamba.
4. Ndiwatsitsa bwinobwino.

Ababa anapita kumigodi ku Joni katatu, pandege. Kupita ndi kubwera, maulendo 6. Onse 6 anakhala pakati. Pawindo pankakhala a zigongono zolimba. Iwo ankangoona msana wa mnzawo. Amati ndege amaidziwa ndi khutu basi, ndipo khutulo latsala limodzi, lakumanzere. Lakumanja linapita ndi makina obowolera miyala.

Nthawi yophunzirira: 12:00 mpaka 1:30, mphindi 90. Kuchotsapo 10 zodyera mbatata ndi 4 zoti kompyuta idzuke, zitsala 76. Kuchulukitsa ndi masiku 5, mphindi 380. Zokwanira!

Zomwe a Nyirenda anandiuza Lachisanu, mwendo umodzi uli kale m'galimoto. Ndinalemba kuseri kwa envulopu:
Kadontho: kumasula mabuleki.
F3: kuwonjezera moto. F2: kuchepetsa moto.
2: mphuno m'mwamba. 8: mphuno pansi. 4 ndi 6: kukhota.
P: zonse ziima pomwe zili.
Ctrl ndi F3, Ctrl ndi F2: pulopela.

Pulopela ndi chija chimazungulira kumphuno. Akuti masamba ake amapendeka, ndipo kapendekedweko kali ngati magiya a minibasi. Ponyamuka giya yoyamba, kumwamba giya yaikulu. Pagalasi pali tindodo titatu. Kakuda n'ka moto. Kabuluu n'ka pulopela. Kofiira anati ndisakayang'ane n'komwe. Kabuluu anakasiya katatuluka. Ponyamuka kayenera kulowa mkati.

12:14. Ndadina kadontho. Ndadina F3 mpaka kakuda kalowa konse. Ndadina Ctrl, ndachotsa chala, ndadina F3. Kabuluu kali phee.

Ndikudina batani limodzi, ndimalize, kenako linalo. Ili ndi lamulo la muofesi. Ndinaliphunzira mu 1989, sabata yanga yoyamba, pomwe ndinapukuta taipilaita ya Mayi Mataka, otayipa makalata, ndi dzanja lonse. Tizitsulo ta zilembo tinakolana ngati mbuzi zomangidwa chingwe chimodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali nati: «Mabatani awiri nthawi imodzi ayi. Makina sakonda mitala.» Zaka 8 sindinaphwanyepo.

Ndege ikuyenda, koma mwaulesi. Ikung'ung'udza ngati chigayo chopanda chimanga. Msewu ukutha. Ndadina 2. Mphuno yadzuka pang'ono, yaganiza, yabwerera. M'madzi!

Lero: kuyesa 7, m'madzi 7. Tsiku loyamba, palibe chodandaula.

Lachiwiri, 24 Juni

Nzeru yabwera ndikutsuka makapu a tiyi. Mwina a Nyirenda anasokoneza pothamangira galimoto. Mabatani onse ndi 101, ndawerenga kawiri. Limodzi mwa iwo ndi la kabuluu. Ndidina lililonse, limodzilimodzi, ndikulemba zomwe likuchita. Ndajambula mizere papepala ndi rula.

Zina mwa zomwe ndapeza:
S: ndikuona ndege yanga ndili kunja kwake. Ndi yoyera, ya mzere m'mbali. Yokongola. Ndataya mphindi 3 ndikungoiyang'ana.
F8: tinthu ta kumapiko tagwa ngati makutu a galu wolakwa.
L: tinyali.
Esc: Chizungu chambiri chabwera. Ndadinanso, chapita. Zikomo.
Ctrl: alipo awiri, kumanzere ndi kumanja. Lililonse ndadina ka 20. Palibe chochitika.
Mabatani 38 sachita kanthu kooneka ndi maso.

12:50. Che Saidi, dalaivala wa koleji, alowa akudya chinangwa. Aima kumbuyo kwanga. Nthawi yomweyo ndadina Y, kenako F4. Ndege yakwera chiimire, osathamanga, osalira, ngati chidebe chotuluka m'chitsime. Nyumba zasanduka timabokosi ta machesi.

Che Saidi asiya kutafuna. «Iyi si ndege ya masana, achimwene. Iyi ndi ija amakwera osavala.»

Ndadinanso Y. Tagwa ngati papaya.

Ndaganizapo. Loweruka ndingathe kuwakweza ababa ndi Y yemweyu. Masekondi 5, ali kumwamba. Koma kulibe kuthamanga, kulibe phokoso lonyamukira, ndipo iwo ndege amaidziwa ndi khutu. Angandigwire. Komanso ndinati ndiwanyamutsa, sindinati ndiwatunga. Y ndamulemba mtanda.

Lero: kuyesa 5. M'madzi 3, pakhoma la nyumba 1, kugwa kuchokera kumwamba 1. Kabuluu sikanasunthe ndi batani lililonse mwa 101. Choncho vuto ndi Ctrl. Ndi lakufa, kapena lalowa litsiro. Litsiro ndiye ntchito yanga! Mphindi zotsala: 228.

Lachitatu, 25 Juni

7:05. Ndabwera ndi nthenga ya nkhuku, thonje, ndi kasipiliti ka ku ofesi yosindikizira. Ndazula Ctrl lakumanzere ndi msonga ya supuni. Pansi pake:
nyerere zakufa 2
khungu la mtedza (a Nyirenda)
kachitsulo komangira mapepala 1
fumbi.
Ndapukuta, ndabwezera, lati twa. Lakumanjanso chimodzimodzi. Akuwala ngati mano a mkwatibwi.

10:30. Ndapempha Mayi Mataka kuti andiimbire foni ku Blantyre, ndifunse a Nyirenda mawu awiri okha. Foni ili ndi loko pogudubuza manambala, kiyi ali pakhosi pawo. Afunsa ngati ndi nkhani ya maliro. Ndati ayi, ndi ya pulopela. Abwerera ku kalata yawo.

12:14. Ctrl. Chala m'mwamba. F3. Kakuda kasuntha. Kabuluu ayi. Ctrl. Chala m'mwamba. F2. Kakuda kabwerera. Ndiye kuti ndi Ctrl kapena popanda Ctrl, zonse n'chimodzimodzi. Nanga azungu anaikiranji njira ziwiri za chinthu chimodzi? Ndayesa kudikira masekondi 3 pakati. Ndayesa 10. Ndayesa kuyamba ndi F3, Ctrl pambuyo. Ndayesa Ctrl lakumanzere, kenako lakumanja, kenako F3, kuti onse awiri adziwe.

Che Saidi abweranso. Akuti galimoto ikakana kukoka pachikweza cha Naisi, iwo amatsitsa anthu atatu. Ndawauza kuti mundege mulibe munthu. Akuti ndiye ndi klachi. Ndawauza kuti ilibe klachi. Akuti ndiye vuto ndi limenelo.

Kuyesa 9, m'madzi 9. Ndayamba kuidziwa nyanjayi.

5:20 madzulo. Ndadutsa kwa ababa, tsidya la mtsinje. Ndawapeza akupuntha mpunga wotsala pamkeka. Afunsa za ndege. Ndati ikuyenda. Si bodza, ikuyendadi, pansi. Andiuza kuti ndilire monga imalirira. Ndayang'ana uku ndi uku, kulibe munthu. Ndatseka pakamwa, ndang'ung'udza. Atembenuza khutu labwino.

«Imeneyo ndi ndege yomwe yafika kale kumwamba, bambo a Esinati. Ponyamuka imakuwa. Imakwiya, mipando n'kumanjenjemera, mano n'kumagundana. Ikafika pamwamba ndiye mtima umatsika, n'kuyamba kung'ung'udza choncho. Yanuyo ikupuma isanagwire ntchito.»

Ndayenda ulendo wonse wobwerera ndikuganiza. N'zomwe a Nyirenda ananena, za magiya. Ababa sanaionepo kompyuta, koma matenda awapeza. Mankhwala ndi omwe tilibe. Mphindi zotsala: 152.

Lachinayi, 26 Juni

Nkhani yatuluka. Ababa anena pabawo, pansi pa mango ku Songani. Amake Esinati amva kumsika kuti ine ndagula ndege. Wogulitsa matemba wawakwezera mulu, akuti akazi a payiloti sadya zochepa. Iwo sanatsutse.

Ofuna kukwera mpaka lero:
ababa
akuluakulu 4 a pabawo
alamu anga
amayi a mvano 2
wosoka nsapato pageti la koleji.
Onse 9. Muofesi muli mipando 2, wina ndi wanga.

12:14. Nzeru ina. Ngati ndege ikuchedwa kutenga liwiro, ndiye kuti msewu ndi waufupi. Ndiyambire kumbuyo, paudzu, monga ana olumpha mtsinje amachitira. Kuitembenuza kwanditengera mphindi 17. Sidziwa kubwerera chambuyo. Ndagunda nyumba imodzimodziyo kawiri. Amene amakhala m'menemo andikhululukire.

Mayi Mataka agogoda khoma ndi rula. Akuti phokoso langa lawalakwitsa mawu atatu m'kalata ya mkulu wa koleji. Ndachepetsa timasipika mpaka ndege ikunong'ona. Ikugwa m'madzi mwaulemu tsopano.

Kuyesa 8. M'madzi 6, nyumba 2.

5:30. Ndapita kwa ababa ndi mawu okonzeka. Ndawabwereza njira yonse: Ababa, za Loweruka zija tidikire kaye. Ndafika, jekete lawo la ku Joni layanikidwa pachingwe. Lakuda lija, la mabatani amkuwa, lomwe amavala pamaliro a anthu ofunika okha. Likununkha sutikesi. Nsapato zapakidwa polishi, zili padzuwa, zayang'ana kunjira. Iwo akumeta ndevu ndi kagalasi kosweka.

Andifunsa ngati kutsogolo kumazizira, kuti adziwe za sikafu.

Ndati atenge sikafu.

Mphindi zotsala: 76.

Lachisanu, 27 Juni

Sindinadye mbatata. Mphindi 10 zaonjezeka, 86.

Kuyesa 1 mpaka 9: m'madzi.

Kuyesa kwa nambala 10: sindinakhudze 2 mpaka mawilo afika pothera penipeni pa msewu. Kenako ndadina pang'ono kwambiri, ngati kudzutsa mwana. Mawilo asiya pansi! Madzi ali pansi panga, ine ndili pamwamba pawo! Ndikuwerenga mokweza. Masekondi 11. Kenako mphuno yalemera. Koma 11!

Ndatuluka panja, ndazungulira mtengo wa jakaranda, ndabwerera. Palibe wandiona.

Kuyesa 11 ndi 12: m'madzi, masekondi 0. Sindikudziwa chomwe ndinachita bwino poyamba paja.

Kuwerengera. Ulendo womwe ndinalonjeza ndi wa mphindi 15, masekondi 900. Ndili ndi 11. Otsala 889. Ndalemba nambalayi, ndaiyang'ana, ndatembenuza pepala.

Kabuluu kakadali kunja, kakundiyang'ana. Ndakakhudza ndi chala pagalasi, ndakakankha. Ndikudziwa kuti sizithandiza. Ndapukuta chidindo cha chala.

3:15. Mayi Mataka akuti mawa atsegula maofesi 9:00 chifukwa ali ndi mayeso oti atayipe. Atseka 12:00 yeniyeni, ali ndi chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo ku Songani. Akuti ngakhale titakhala kumwamba, iwo akhoma chitseko chachikulu cholowera. Ndati tikhala titatera. Andiyang'ana monga mu 1989.

Ndatumiza mawu kwa onse 8 kuti mpando ndi umodzi. Alamu anga akwiya. Amayi a mvano akuti atipempherera ali kwawo. Akuluakulu a pabawo akuti iwo safuna mpando, ali ndi miyendo.

Amake Esinati akazinga zitumbuwa 6 za kamba wa paulendo. Ndawauza kuti sitichoka muofesi. Akuti ulendo ndi ulendo.

Masekondi 11 ndi ochepa, koma ababa adzaona kutsogolo. Ndi 11 kuposa maulendo 6 onse aja.

Loweruka, 28 Juni

7:10. Ababa ali kale pageti. Jekete, sikafu, chipewa, nsapato m'manja kuti zisade ndi mame. Akuluakulu 4 a pabawo ali kumbuyo kwawo. Tadikira ola limodzi ndi mphindi 50. Zitumbuwa zatha ulendo usanayambe.

9:00. Mayi Mataka atsegula. Aona jekete, awerama, apereka moni ndi manja awiri. Akuluakulu aima panja, mitu inayi pawindo.

Mpaka 10:40 palibe kuuluka. Ababa afuna kudziwa ntchito ya wotchi iliyonse pagalasi. Ndikudziwa ziwiri, ya liwiro ndi ya kutalika. Zinazo ndati n'za a Nyirenda. Kenako mmodzi wa pawindo wapemphera, watchula ife, a Nyirenda, boma, odwala, ndi onse oyenda panyanja. Pamenepo ndati amen mokweza.

Ababa akhala kumanzere kwanga. Avula chipewa, achiika pabondo.

10:52. Kuyesa koyamba. M'madzi, masekondi 0. Pawindo wina watsokomola. Ababa sanatembenuke. «Bwerezani, a payiloti. Ku Chileka tinadikirapo masiku awiri.»

11:03. Kadontho. F3 mpaka kakuda kalowa. Ndege ikung'ung'udza mwaulesi muja. Ababa apukusa mutu, aweramira kutsogolo kuti khutu labwino lifike pa kasipika kakumanzere. Dzanja lamanja alitsamiza patebulo. Ine ndikutsata envulopu, popeza palibenso china chotsata. F3.

Kabuluu kasuntha!

F3, F3, F3. Kakulowa! Injini yadzuka, ikukuwa, tebulo likunjenjemera, kapu ya mapensulo ikuvina. Mizere ya pamsewu ikuthamanga. Ndadina 2 msewu usanafike ndi pakati pomwe. Takwera. Takweradi! Pawindo zipewa zagwa.

Masekondi 11 adutsa. 30. 60. Ndasiya kuwerenga, koyamba sabata ino.

Maso a ababa ali pagalasi. Nyumba zazitali kumanja, nyanja kumanzere, kutsogolo thambo lokhalokha. Pakamwa patseguka pang'ono. Patapita nthawi anena motsitsa, osandiyang'ana: «Kani kutsogolo kulibe msana wa munthu.»

Wotchi ya kutalika: 1,000. 2,000. Ababa akuti tsopano ipume. Ndadina F2. Kabuluu katuluka pang'ono, kukuwa kwatsika, yayamba kung'ung'udza mokoma. Agwedeza mutu. Auza a pawindo kuti apa ndi pomwe anzawo ankayamba kusanza.

Ndipamene ndayang'ana pansi. Chala chachikulu cha ababa chagona pakona ya kiyibodi. Chapsinja Ctrl. Chakhala pamenepo chiyambire.

Mabatani awiri. Nthawi imodzi.

Mayi Mataka abwera kudzaona phokoso, aima pakhomo ndi pepala m'manja. Ndawaonetsa chalacho ndi maso. Akuti nanga n'chachilendo chanji, n'chimodzimodzi batani la zilembo zazikulu pataipilaita, umaligwira pansi kwinaku ukumenya linalo. Akuti mwana aliyense wa kusukulu yotayipa amadziwa. Ndawakumbutsa mwaulemu za mitala. Akuti iwo ankanena za anthu opukuta ndi dzanja lonse. Afunsa chifukwa chake sindinawafunse. Ndinati ndiyankhe za foni ya Lachitatu, koma ndege inayamba kupendama.

11:31. Ndakhota ndi 4, pang'onopang'ono. Msewu waoneka kutali, kamzere kotuwa. Nthawi yotsika. Pafunika kuchepetsa moto. F2. Kakuda sikasuntha. Kabuluu ndi komwe kakutuluka. Chala chija.

Ndati, «Ababa, kachala.» Khutu lomwe lili mbali yanga ndi lakufa lija.

Ndabwereza, mokwezako pang'ono. Palibe.

Msewu wadutsa pansi pathu ngati njoka. Tazungulira. 11:40, ndayesanso. Ndatsokomola. Ndasuntha kiyibodi pang'ono, chala chatsatira. Kugwira dzanja la ababa n'kulichotsa, akuluakulu anayi akuona? Kuwakuwira ngati ndikuthamangitsa nkhuku pampunga? Sindingathe. Mayi Mataka akudziwa, koma nawonso ayang'ana kudenga. Msewu wadutsanso.

11:49, kachitatu. Mmodzi wa pawindo wafunsa ngati payiloti waiwala kwawo.

11:57. Makiyi a Mayi Mataka akulira pakhomo. Tili pamwamba pa nyanja, msewu uli kumbuyo kutali. Ababa awongoka, achotsa dzanja okha, atenga chipewa. Kutera kukufuna mphindi 6 kapena 7. Ndili ndi 3. Ndikathamangira, ndiwagwetsa m'madzi atavala jekete la ku Joni.

Ndadina P.

Zonse zaima. Mtambo waima, pulopela yaima, wotchi ya kutalika yaima pa 2,300. Ndazimitsa galasi lokha. Bokosi lapansi ndalisiya likupuma. Ndafunditsa nsalu. Mayi Mataka aona kanyali kobiriwira kakuwala pansi pa tebulo. Ayang'ana kumbali. Akhoma 12:02, ndipo mphindi ziwirizo sanazitchule.

Lamulungu, 29 Juni

Kwacha bwino, phiri lonse likuoneka.

Kuwerengera kwa sabata:
Kuyesa konse: 43.
M'madzi: 38.
Nyumba ya eni ake: 3.
Kugwa kuchokera kumwamba: 1.
Kutera: 0.
38, 3 ndi 1 ndi 42. Umodzi wotsalawo sindikudziwa poulemba.

Malonjezo 4, ndakwaniritsa 3. Ndi 75 pa 100. Ku Sitandade 8 ndikanakhoza, koma lomwe ndalephera ndi lija aliyense amafunsa. Potuluka m'tchalitchi anthu 7 andifunsa ngati tinatera. Alamu anga afunsa kawiri, mokweza.

12:30. Ndaperekeza ababa mpaka pamlatho. Ndapepesa. Ndawafotokozera za chala chawo, mosamala, kuti lisamveke ngati dandaulo. Ndati vuto ndi langa, ndinalankhulira ku khutu lolakwika.

Ayenda mapazi angapo. Aima, ayang'ana madzi.

«Ndinamva, bambo a Esinati. Kachala, kachala. Muofesi muja ndi mochepa, khutu limodzi limakwana.»

Ndafunsa chifukwa chake sanachotse.

Akuti maulendo 6 onse aja, kukwera kunalibe vuto. Vuto linali kutera. Ukatera uko, mawa lake akulowetsa pansi pa nthaka. Ukatera kuno, pabwalo pali wina wodzakuuza amene wamwalira uli kutali. Ulendo wachitatu anali amayi awo. «Ndiye dzulo ndinati, pano woyendetsa ndi mwana wanga, pansi palibe wondidikira ndi uthenga. Ndikhaleko pang'ono.»

Ndawauza kuti mawa 8:00 anthu a ku malipiro adzazula waya kukhoma. Ndikafika 6:40 ndingathe kuitsitsa ndekha, tsopano ndikudziwa, zala ziwiri. Akana. Akuti ndege yonyamuka ndi anthu awiri siyenera kutera ndi mmodzi, anthu angafunse komwe winayo wagwera. Akuti ndiisiye.

3:45. Ndadutsa kukoleji, ngakhale si njira yanga. Mlonda wandilola kufika pawindo la a Nyirenda. Ndagunditsa khutu pagalasi. Mkati bokosi likupuma pansi pa nsalu, fuuu, osaleka.

Chabwino. Sinditsitsa. Mawa ndisesa maofesi 6, ndipukuta mawindo 14, ndinyamula kompyuta ndi manja anga kupita nayo kuseri kwa zitsulo. Envulopu ndaisunga m'Baibulo. Pamzere womaliza ndaonjezera ndi pensulo: onse pamodzi.

Ulendo wa nambala 43 ndaupezera malo, patsamba lakelake:
Maulendo a pandege a ababa: 7.
Kutera: 6.